Dzina Limene Mayi Mabatani Anakana Kutchula

Mwezi wathawu mpingo wathu unaika m'manda mayi amene tonse tinkawadziwa ndi dzina loti Mayi Mabatani. Kwaya inaimba mpaka mawu kusasa, ndipo olankhula ankalimbirana maikolofoni kuti anene mmene ankawakondera. Ena mwa olankhulawo ndi omwe aja anawatsekera zitseko zaka zambiri zapitazo. Tsamba lino la nkhani za mpingo lapemphedwa kulemba mbiri yawo kuti ikhale chitsanzo kwa okhulupirira, ndipo liilemba yonse, kuphatikizapo mbali zimene ena akanakonda kuti zikwiriridwe limodzi ndi bokosi.

Anabadwa oyamba m'banja la ana ambiri, m'chipinda chimodzi cha lendi chimene zenera lake linkayang'ana khoma la fakitale yosoka zovala. Bambo awo anachoka iwo akadali aang'ono, ndipo mayi awo ankagwira ntchito m'fakitale yomweyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Motero kamtsikana kosatha n'kumanga komwe zingwe za nsapato kanasanduka mlezi wa abale ake. Eni nyumba sankafuna phokoso la ana, ndipo akangomva kulira ankamenya khoma ndi mtengo wa tsache. Kamtsikanako kanayesa kuopseza, kanayesa kutsina, koma zonsezi zinkangowonjezera kulira.

Chimene chinawapulumutsa chinali mabatani. Mayi awo ankabwera nawo m'thumba la epuloni, osweka ndi otsala amene ankasesedwa pansi pa makina. Tsiku lina kamtsikana kaja kanawakhuthulira pansi n'kuuza mlongo wake kuti aike ofiira mbali iyi, akuda mbali iyo. Mwana amene ankalira tsiku lonse anakhala duu, lilime panja, mpaka mayi awo kuweruka. Phunziro lachiwiri linabwera mowawa, pamene wotsiriza kubadwa anakankhira batani m'mphuno ndipo banja lonse linathamangira kuchipatala. Kuyambira pamenepo Mayi Mabatani sankapatsa kanthu kakang'ono mwana amene akadali kuika zinthu m'kamwa, ndipo ankakalipira aliyense amene wachita zimenezo iwo akuona.

Sukulu anasiya msanga, koma Misa ya m'mamawa sankajomba, mwana mmodzi kumsana, wina padzanja. Kolona anaphunzira kupemphera akuchapa matewera. Tisawanamizire kuti anali ofatsa, chifukwa sanali. Mtima wawo unali wapachala kuyambira ali mwana. Iwo eni ankanena kuti ansembe a parishi ino anatopa nawo, poti mwezi ndi mwezi ankabwera kudzalapa tchimo limodzi lomwelomwelo, ndipo nthawi zina ankapsanso mtima ali pamzere wodikira kulapako.

Anakwatiwa ndi makaniko wa mabasi, munthu wachete amene ankaseka ndi mapewa. Anakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kumapeto kwa mdadada, pafupi ndi mpopi wa anthu onse, ndipo Mulungu anawapatsa ana aamuna awiri. M'zaka zimenezo bambo mfumu anawapempha kuti azichapa ndi kusita nsalu za m'tchalitchi. Ntchitoyi inalibe malipiro ndipo palibe ankailimbirana, koma iwo anaigwira ngati aitanidwa ndi Ambuye pamaso. Lachisanu ankanyamula mtolo, Loweruka ankasita, ndipo Lamulungu ankakhala pabenchi lachitatu n'kumayang'ana guwa ngati pali khwinya lawapulumuka.

Ana anayamba kudzaza pakhomo pawo popanda wokonza. Mayi wina wogulitsa pamsika anasiya wake kwa kanthawi, mawa lake anabwera ndi wa mnzake, ndipo pasanapite nthawi m'chipinda chochezera munalibe poponda. Onse anali osafika msinkhu wa sukulu. Mayi Mabatani analibe bolodi kapena choko, ndipo munthu akawatcha aphunzitsi ankamudula mawu. Zipangizo zawo zinali zimene nyumba iliyonse ili nazo. Ankakhuthula masokosi ochapa pakati pa ana kuti aliyense apezere sokosi mnzake. Ankasakaniza zivundikiro za mapoto ndi za mabotolo kuti ana afufuze chimene chikukwana pati. Panja ankaika mabeseni awiri, lina lamadzi lina lopanda kanthu, ndipo ana ankasamutsa madziwo ndi kapu, akazolowera ndi sipuni, mpaka onse kunyowa ngati agwera m'ngalande. Zopanira zovala ankazipanitsa m'mphepete mwa katoni kuti zala zilimbe. Okulirapo ankatunga mabatani pa ulusi, lofiira, loyera, lofiira, loyera, ndipo wosokoneza ankadzitulukira yekha popanda womuseka. Masitepe a pakhomo ankawawerenga mokuwa pokwera ndi potsika. Amuna awo ankabwera ndi manati ndi mabawuti akale otsukidwa ndi sopo kuti ana azipotokola, ndipo akaponda batani ndi phazi losavala ankangoti iwo anakwatira fakitale.

"Mwana amaganiza ndi zala," ankatero Mayi Mabatani. "Mukamumanga manja mwamutseka mutu."

Lamulo lawo linali limodzi. Wobwera kudzatenga mwana ankayenera kukhala pansi kaye, pasimenti penipeni, n'kuona zimene mwanayo wachita, kuti akapitirize kunyumba. Ankati iwo si malo osungirako katundu. Ambiri tikukumbukira wapolisi wina wamimba yaikulu amene anayesa kuitana mwana wake ali chiimire pakhomo. Anathera pansi, yunifolomu ili m'thupi, akusakira sokosi mnzake, mwana wake akumuuza kuti walakwitsa.

Pa nthawiyo wapampando wa komiti ya parishi anali bambo wina woyang'anira sitolo yaikulu ya zitsulo. Anali munthu wopemphera mokweza, wosachedwa pamsonkhano, ndiponso wodziwika m'dera lonse kuti kunyumba kwake dzanja silichedwa kunyamuka. Anali ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi amene anabadwa wamanzere, ndipo bamboyo ankaona zimenezi ngati chipongwe chimene mwanayo akuchitira dala. Pa chakudya ankamumanga dzanja lamanzere ndi lamba kumsana. Akamupeza atagwira pensulo ndi dzanja limenelo ankamumenya m'zala ndi rula. Akazi awo a wapampando, munthu wolankhula motsitsa ngati akupepesa, anayamba kubweretsa mwanayo kwa Mayi Mabatani mobisa amuna awo akapita kuntchito.

Mwanayo anafika dzanja lamanzere atalibisa m'khwapa, ndipo sankakhudza kanthu. Mayi Mabatani ataona zala zotupazo anatuluka panja n'kukankha ndowa ndi mwendo mpaka inagubuduka kukafika pampopi. Kenako anabwerera m'nyumba. Ankangoika zopanira zovala kumanzere kwa mwanayo n'kuyang'ana kumbali. Panapita masabata dzanjalo lisanatuluke. Litatuluka, anamupatsa dzina loti Kamanzere, n'kumuuza kuti Mulungu sanapange dzanja lina mwangozi. Kamanzere anaphunzira msanga, ndipo chimene ankachikonda koposa chinali sizasi yosathwa kunsonga. Mayi Mabatani ankajambula mizere pa nyuzipepala zakale, yowongoka ndi yokhotakhota, ndipo iye ankaidula motsatira, mpweya atagwira.

Chaka chimenecho ambuye episkopi ankabwera kudzapereka ulimbitso, ndipo parishi inatulutsa nsalu yake ya paguwa yamtengo wapatali, yokhala ndi mzere wa mphesa wosokedwa ndi ulusi wagolide m'mphepete monse. Mayi Mabatani anaichapa ndi manja awo, anaisita Loweruka m'mawa, n'kuiyanika pamsana wa mpando kuti izizire. Ana ena anali panja pamabeseni. Kumeneko kunabuka kulira, wina atathira mnzake madzi m'khutu, ndipo iwo anathamangira kukaleretsa. Pobwerera anapeza Kamanzere atagwada pafupi ndi mpando uja, sizasi ili m'manja, mphesa zagolide zikulendewera mpaka pansi.

"Mayi, taonani," anatero mwanayo, nkhope ili ngwee. "Sindinaphonye mzere."

Zoonadi, sanaphonye. Mayi Mabatani anamva magazi akukwera kumutu, ndipo dzanja lawo linanyamuka lokha. Mwanayo ataliona anabisa lake m'khwapa. Pamenepo iwo anatsitsa dzanja, anakhala pansi, n'kumuuza kuti wadula bwino, koma iyi si nyuzipepala, ndipo wolakwa ndi amene anaisiya pafupi. Akazi a wapampando atabwera kudzatenga mwana n'kuona nsaluyo, anagwada pansi. Anagwira Mayi Mabatani mapazi n'kunena kuti amuna awo akamva, mwanayo amulumaza. Mayi Mabatani anawadzutsa mwaukali n'kuwauza kuti atenge mwana azipita, dzinalo silituluka m'nyumba imeneyo.

Masana omwewo ananyamula nsalu ija kupita nayo kwa bambo mfumu. Anafotokoza zonse monga zinachitikira, anapepesa, ndipo anadzipereka kuisoka. Bambo mfumu anali wachinyamata, woopa mikangano kuposa tchimo. M'malo moti nkhaniyo ithere pomwepo, anaipereka ku komiti.

Episkopi atapita, komiti inawaitana. Anawakhazika pampando pakati pa chipinda ngati wakuba nkhuku, ndipo kumutu kwa tebulo kunali wapampando, manja atawasanjika patsogolo.

"Mayi, ife sitikufuna zambiri," anatero. "Tipatseni dzina la mwana. Makolo ake aimirire kutsogolo Lamulungu kuti mpingo uwaone, ndipo mwanayo alandire chikwapu choti asadzaiwale kuti zinthu za Mulungu saseweretsa. Akanakhala wanga ameneyo, dzanja limenelo silikanagwiranso sizasi."

Mayi Mabatani anayang'ana manja aja patebulo. Dzinalo linafika pamlomo penipeni. Ankadziwa kuti liwu limodzi lokha likanamugwetsa munthuyo pamaso pa anzake onse, ndipo tisabise, anazilakalaka zimenezo ndi mtima wonse. Koma ankadziwanso kuti munthu wochititsidwa manyazi pagulu amakabwezera kunyumba, ndipo kunyumbako kunali mwana wa zaka zinayi.

"Sizasi ndi yanga, nyumba ndi yanga, ndipo amene anasiya nsalu pampando waufupi ndine," anayankha. "Mwana wa zaka zinayi alibe mlandu. Ngati mukufuna womukwapula, ndilipo. Bodza sindikuuzani, koma dzina simulimva."

Anawanyengerera, anawaopseza, wina anawawerengera vesi lonena za kumvera akuluakulu. Iwo anakanitsitsa. Komiti inagamula kuti alandidwe ntchito ya nsalu, ndipo Lamulungu lotsatira wapampando mwiniwake anaimirira paguwa n'kulengeza kuti makolo a mpingo uno asatumizenso ana awo kunyumba kwa mayi amenewa kufikira atagonjera komiti. Tchalitchi chinali chodzaza. Munali amayi amene ana awo anaphunzira kugwira sipuni m'nyumba imeneyo, munali wapolisi uja, munali akazi a wapampando mutu uli pansi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsokomola. Onse anapeza mwadzidzidzi chinthu chofunika kuwerenga m'mabuku awo a nyimbo.

Chimene chinawathera anzawo chinabwera pambuyo pake. Makolo anayamba kubwera mmodzimmodzi madzulo, akuzemba maso a anthu, aliyense ndi pempho lofanana. Sankafuna dzina ayi, ankangofuna kumva kuti si mwana wawo. Mayi Mabatani anakana ngakhale zimenezo. Anawerengera kuti akayeretsa uyu lero, uyo mawa, pamapeto padzatsala mwana mmodzi yekha poyera, ndipo komiti sidzavutika kumuloza. Choncho aliyense ankamuyankha chimodzimodzi, kuti za ana a m'nyumba yawo sakamba. Makolowo anachoka atakwiya, akunena kuti mayiyu waika ana onse pamlandu chifukwa cha makani. Ena anafika pomenya ana awo kuti aulule zimene sankazidziwa, ndipo nkhani imeneyi itawafika Mayi Mabatani, sanadye tsiku limenelo. Anapita nyumba ndi nyumba kukakalipira makolowo, ndipo zitseko zinatsekedwa iwo akulankhula.

M'chipinda chochezera munangoti zii. Mabeseni anabwerera ku ntchito yochapa, makatoni a zopanira zovala anakwera pamwamba pa kabati. Mayi Mabatani anakwiyira komiti, anakwiyira bambo mfumu, anakwiyira akazi a wapampando amene ankawapatsa moni wa maso okha, ndipo kwa miyezi ingapo anakwiyiranso Mulungu, n'kumamuuza zimenezo poyera akugwada. Koma Misa sanasiye. Anachoka pabenchi lachitatu n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Kuchokera kumeneko ankaonabe makwinya a nsalu ya paguwa imene tsopano inkasitidwa ndi aliyense amene wakumbukira, ndipo amuna awo ankanena kuti ankamva mano awo akukukutika mpaka pa nthawi yopatsana mtendere. Tsiku lina makanikoyo anawafunsa mofatsa ngati sikukanakhala bwino kusamukira parishi ina. Iwo anayankha kuti tchalitchi si cha komiti, ndipo amene akufuna kuti achoke abwere adzawanyamule.

Yesero lawo lenileni linali la mlungu ndi mlungu. Wapampando ankaimirira kutsogolo kuphunzitsa za kulera ana m'chikhristu, ndipo nthawi zina ankapereka chitsanzo cha anthu ena ouma mutu amene amabisa zoipa za ana. Nthawi iliyonse dzina lija linkakwera kukhosi kwa Mayi Mabatani ngati chakudya chosagayika. Ankafinya kolona mpaka mikanda kudinda m'chikhatho, n'kumayang'ana kamtsikana kamene kanakhala pambali pa mayi ake, manja onse awiri ali pamwendo. Kamanzere sanabwerenso kunyumba kwawo. Anamuona akukula chapatali, akuyamba sukulu, akulandira Ukaristia woyamba, akulemba ndi dzanja lamanja zilembo zopendekeka.

Amuna awo atamwalira, ana awo atakula n'kupita kukagwira ntchito kutali, anthu ankaganiza kuti mayiyu tsopano akhala pansi. Iwo anati komiti inaletsa ana kubwera kwa iwo, koma sinaletse iwo kupita kwa ana. Anasoka chikwama cha nsalu n'kuyamba kuyenda m'midadada ya kuseri kwa msika, kwa anthu obwera kumene ndi a mipingo ina amene chilengezo chija sankachidziwa. Ankagogoda, n'kukhala pakhonde, n'kufunsa mayi wa panyumbapo kuti atulutse zimene ali nazo kukhitchini. Ankamuonetsa kuti posankha nyemba mwana akhoza kupatula zoyera ndi zofiira, poyanika zovala akhoza kupereka zopanira ziwiriziwiri, popita kumpopi akhoza kutchula chilichonse chobiriwira chimene akuona panjira. Ankauza abambo kuti nsapato za panyumba zikhoza kundandalikidwa kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, ndipo zimenezi sizifuna digiri, zimangofuna munthu akhale pansi. Mayi wina atadandaula kuti alibe nthawi, iwo anamufunsa kuti nthawi yomukalipira mwanayo amaipeza kuti. Ena anawathamangitsa, ambiri anawaitananso. Mafoni atafika m'manja mwa ana a zaka ziwiri, ukali wawo unapeza ntchito yatsopano, ndipo makolo ena ankabisa foni pansi pa pilo akangomva mawu awo panja.

Ansembe ankabwera ndi kupita, koma wapampando anakhalabe pampando. Wansembe wina wachikulire, atamva nkhaniyi, anawaitana n'kuwauza kuti akangopepesa ku komiti, nkhani itsekedwa. Iwo anayankha mwaulemu kuti za nsalu anapepesa tsiku loyamba lomwelo, ndipo chimene komiti ikuchitcha kupepesa ndi dzina. Wansembeyo anapukusa mutu, anawadalitsa, ndipo sanachitepo kanthu. Akazi a wapampando anadwala n'kumwalira osatsegula pakamwa. Mayi Mabatani anapita kumaliro, anakhala kumbuyo, ndipo anawapempherera akadali okwiya nawo.

Ukalamba unayambira m'mawondo, kenako unafika m'maso. Anasiya kuyenda m'midadada, koma amayi amene anawaphunzitsa ankabwera okha ndi ana awo, ena ndi zidzukulu. Matenda atakula, mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamkulu, anabwera kudzawasamalira. Bambo mfumu wa masiku ano anadzawadzoza mafuta a odwala, ndipo mbiri inamveka kuti Mayi Mabatani atsala pang'ono.

Masana a tsiku lotsatira kunabwera alendo awiri. Anali wapampando uja, tsopano wopuma, woyenda ndi ndodo, ndi mwana wake wamkazi amene ankamusunga m'nyumba mwake. Kamanzere anali mayi wamkulu wa ana akeake, koma polowa anayenda kumbuyo kwa bambo ake monga kale. Mkuluyo anakhala pampando pafupi ndi bedi, anapemphera mokweza ndi motalika, ndipo atati amen anakonza kukhosi.

"Mayi, tonsefe tili paulendo," anatero. "Nkhani ija ya nsalu ife a komiti tinakukhululukirani kalekale mumtima. Chatsala n'chakuti inunso mumasuke. Musapite nalo kwa Mulungu dzina lija. Litchuleni, mupite oyera."

Mayi Mabatani anali atafooka moti sankatha kunyamula kapu, koma ukali unawapeza momwemo. Anamufunsa ngati wabwera kudzaona wodwala kapena kudzapitiriza msonkhano. Kenako anaona Kamanzere akutsegula pakamwa, ndipo anazindikira zimene zikubwera.

"Iwe, kanditungire madzi," analamula.

"Madzi ali pomwepo pambali panu, mayi," anayankha Kamanzere. "Sindilinso wa zaka zinayi." Anatembenukira kwa bambo ake. "Nsalu ija ndinadula ndine, bambo. Ndi dzanja ili. Amayi ankandibweretsa kuno inu mukapita kusitolo."

Mpongozi amene anali pakhomo akunena kuti sakudziwa kumene mphamvuzo zinachokera. Mayi Mabatani anadzuka ndi chigongono, anagwira diresi la Kamanzere, n'kuyamba kumukokera kumutu kwa bedi, kuseri kwawo, kuti thupi lawo lowondalo likhale pakati pa iye ndi bambo ake. Ankapuma movutika, maso ali pa manja a mkuluyo. Anali ndi mantha enieni, omwe aja anali nawo tsiku la komiti.

Manjawo sananyamuke. Anali pamwamba pa ndodo. Mkuluyo anayang'ana mwana wake, anayang'ana wodwalayo, ndipo anafunsa ndi mawu otsika amene palibe anawamvapo kwa iye.

"Zaka zonsezi, bwanji simunandiuze?"

"Mukanamutani?" anafunsa Mayi Mabatani.

Mkuluyo anaweramitsa mutu. Yankho ankalidziwa, ndipo onse m'chipindamo ankalidziwa, chifukwa analinena yekha pamaso pa komiti yake. 

Kwa zaka zambiri Mayi Mabatani ankaganiza kuti tsiku limeneli likadzafika lidzakoma. Silinakome. Patsogolo pawo panali nkhalamba yachibwano chonjenjemera, imene sikanatha kuwabwezera ngakhale m'mawa umodzi wa ana aja anachotsedwa m'nyumba yawo. Sananene kuti akhululuka, ndipo tsamba lino siliwaikira mawu m'kamwa. Anangomasula diresi lija pang'onopang'ono, anagona chagada, n'kuuza Kamanzere kuti aperekeze bambo ake kunyumba, atopa, ndipo akawasiya abwerenso.

Kamanzere anabwerera madzulo omwewo n'kukhala pansi pafupi ndi bedi. Anacheza pang'ono. Mayi Mabatani anamufunsa za ana ake, ndipo atamva kuti wotsiriza sanayambe sukulu anafuna kudziwa ngati amamulola kuthira madzi yekha m'kapu. Atayankhidwa kuti amataya, anati ataye, pansi pamauma. Anapempha kuti apemphere kolona limodzi, ndipo anagona tulo tabwino timene mpongozi wawo anali asanawaonepo nato chibwerereni. M'mawa dzuwa litalowa pazenera anatsegula maso, anayang'ana amene anali m'chipindamo mmodzimmodzi, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, ndipo anapuma komaliza mwakachetechete.

Mwini dzina lija ndiye wapempha kuti zonsezi zilembedwe. M'midadada ya kuseri kwa msika muli nyumba zambiri lero m'mene mayi kapena bambo amakhala pansi ndi mwana wake, zivundikiro za mapoto zili mbwee, osadziwa n'komwe kuti zinayamba ndi yani. Chimenecho ndicho chitsanzo chimene atisiyira, pamodzi ndi china chovuta kuposa pamenepo, chakuti munthu wa mtima wapachala anatseka pakamwa moyo wake wonse kuti kamwana kamodzi kasamenyedwe. Ambuye awalandire mu mtendere umene mpingo wawo sunawapatse.

Koma amene akufuna kuwatsanzira adziwiretu chinthu chimodzi. Mpaka lero palibe wa komiti amene waimirira paguwa kufafaniza chilengezo chija. Malinga ndi malamulo a parishi ino, Mayi Mabatani analowa m'manda akadali munthu amene makolo analetsedwa kumutumizira ana.